KUJAMBULA KADAMSANA WA DZUWA NDI WA MWEZI

 Ndiri kulankhula nanu, kaya muli ku Malawi, kaya ku Zambia, kaya kuno ku Zimbabwe, kucokera mu mzinda wa Bulawayo, ndipo nkhani yathu ya lero ndi ya kadamsana: cimene ali, ndi mmene munthu wamba, amene sanaphunzire za nyenyezi, angatolere cithunzi cace popanda kuononga maso ace.

Tiyambe ndi mbiri imene ambiri tinaimva kusukulu. M'mwezi wa November, caka ca 1835, Angoni otsogozedwa ndi Zwangendaba anafika pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa athira madzi ace mu Zambezi. Akuluakulu anasimbira ana ao kuti pa tsiku loolokalo dzuwa linada usana. Pa dooko limenelo panalibe mlembi, ndipo luso lojambula zithunzi linali lisanadziwike. Koma patapita zaka, akatswiri a nyenyezi anawerengera m'mbuyo mayendedwe a dzuwa ndi mwezi, napeza kuti kadamsana anadutsadi dziko limenelo pa 20 November, 1835. Cotero lero Angoni a ku Chipata, ku Mchinji ndi ku Mzimba ali nalo tsiku limene makolo ao analowera m'maiko a kumpoto kwa Zambezi. Makolo aja anasunga cimene anaona m'mitima mwao. Ife tiri ndi mwai wocisunga pa cithunzi, pamodzi ndi tsiku, ora ndi malo.

KADAMSANA NDI CIANI?

Dzina lace lidzifotokoza lokha, pakuti linena za kuda kwa usana, ngakhale kuti timachula dzina lomwelo pamene mwezi wada usiku. Kuti timvetse bwino, tiyeni ticite monga ticitira m'kalasi. Yatsani nyali m'cipinda ca mdima. Nyaliyo ikhale dzuwa, mutu wanu ukhale dziko lapansi, ndipo lalanje limene mwagwira m'dzanja likhale mwezi. Mukaika lalanje pakati pa nyali ndi diso lanu, nyali ibisika, ndipo mthunzi wa lalanje ugwa pankhope panu. Ameneyo ndiye kadamsana wa dzuwa. Tsono tembenukani, mufulatire nyali, lalanje likhale patsogolo panu. Lilowa mu mthunzi wa mutu wanu ndi kuda. Ameneyo ndiye kadamsana wa mwezi. Apa mwaona kale malamulo awiri: wa dzuwa adza pokhapokha mwezi uli mumdima, usanakhale watsopano, wa mwezi adza pokhapokha mwezi uli wathunthu.

Wina adzafunsa kuti, Mwezi ndi waung'ono, ungaphimbe bwanji dzuwa? M'mimba mwace dzuwa liposa mwezi kuwirikiza pafupifupi ka 400, koma kutalika kwace kucokera kwa ife kuposanso kwa mwezi kuwirikiza pafupifupi ka 400. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita ngati 384,000, pamene dzuwa liri pa makilomita ngati mamiliyoni 150. Monga cala canu cikhoza kubisa phiri la Mulanje mukaciika pafupi ndi diso, momwemonso mwezi ubisa dzuwa. Koma mwezi suyenda pa mtunda umodzimodzi nthawi zonse. Ukatalikira pang'ono, ucepa m'maso mwathu, nulephera kuphimba dzuwa lonse, ndipo m'mphepete mutsala mkombero wa moto wonga cibangiri. Kadamsana wotere anaoneka kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique pa 1 September, 2016, ndipo ife m'maiko atatu ano tinaona dzuwa litangolumika mbali.

Nanga bwanji kadamsana sacitika mwezi uli wonse, popeza mwezi ubwerera mumdima pa masiku 29 ndi theka? Cifukwa ncakuti njira ya mwezi ndi yopendekeka madigiri 5 poiyerekeza ndi njira imene dziko liyenda pozungulira dzuwa. Miyezi yambiri mthunzi uphonya, kudzera pamwamba kapena pansi. Zitatuzi zikhoza kuima pa mzere umodzi pa nyengo ziwiri zokha pa caka, zotalikirana masiku ngati 173.

Anthu akale a ku Babulo anazindikiranso kuti kadamsana abwereza pakapita zaka 18, masiku 10 kapena 11, ndi maora 8. Pa maora 8 amenewo dziko likhala litatembenuka gawo limodzi mwa magawo atatu, cotero mthunzi ugwa kutali kumadzulo. Kadamsana amene anadetsa Lusaka pa 21 June, 2001, anabweranso pa 2 July, 2019, koma ku Chile ndi Argentina. Muone tsono kuti cinthu cimene anthu adziwiratu tsiku ndi mphindi yace zaka zambiri cisanacitike sicingakhale malodza. Ndi mthunzi cabe, woyenda m'njira yace.

ZIMENE TINAONA M'MAIKO ATHU

Kadamsana wa mwezi aonedwa ndi anthu onse amene kwao ndi usiku, ndiko kunena theka la dziko. Wa dzuwa ali wosiyana. Mthunzi weniweni wa mwezi pofika pansi pano ukhala wocepa, kawirikawiri wosafika makilomita 270 m'mimba mwace, ndipo uthamanga kuposa makilomita 1,700 pa ora. Okhala m'kanjira kameneko okha ndiwo aona dzuwa litaphimbika lonse. Mdima wace sungapitirire mphindi 7 ndi theka. Okhala kunja kwa kanjirako aona dzuwa lolumika mbali basi.

Ife tinacita mwai umene maiko ambiri sauona, pakuti mthunziwo unatidutsa kawiri pa miyezi 18. Lacinai, pa 21 June, 2001, unalowera ku Angola, nudutsa Zambia, kumpoto kwa Zimbabwe, Mozambique, nsonga ya kumwera kwa Malawi, mpaka ku Madagascar. Mu Lusaka kunada itangopitirira 3 koloko masana, ndipo mdima unakhala mphindi 3 ndi masekondi angapo. Inali nyengo ya cisanu, kumwamba kuli mbee, ndipo alendo ambiri ocokera kunja anabwerera kwao ndi zithunzi zabwino. Lacitatu, pa 4 December, 2002, mthunzi unabweranso m'mawa, nudzera m'malire a Botswana ndi Zimbabwe, ku Plumtree ndi ku Beitbridge, kumpoto kwa South Africa, ndi kumwera kwa Mozambique. Bulawayo anatsala kunja pang'ono. Okhala mu Makokoba, Mzilikazi ndi Luveve anaona dzuwa litatsala ngati cikhadabo, koma silinazime. Nthawi imeneyo inali ya dzinja, ndipo malo ena mitambo inamana anthu amene anayenda ulendo wautali.

Kadamsana wa mwezi tamuona kawirikawiri. Pa 15 June, 2011, mwezi unakhala mu mthunzi wathunthu mphindi 100. Pa 27 July, 2018, unakhalamo mphindi 103, ndipo akatswiri ati palibe wina wotalika kuposa ameneyo m'zaka zonse za kuyambira 2001 kufikira 2100. Pa 7 September, 2025, unafiiranso madzulo kwa mphindi 82.

MASO POYAMBA

Tsono mverani bwino, pakuti ici ndico cacikulu pa nkhani yonseyi. Kadamsana wa mwezi alibe coopsya. Mungathe kumpenya usiku wonse ndi maso okha. Koma dzuwa ndi moto. M'kati mwa diso, kumbuyo kwace, muli kansalu kanthete kamene kalandira kuwala. Diso lisonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pa kadontho kamodzi ka kansaluko, monga mwana aochera pepala ndi galasi lokuzira zinthu. Coipa cace ncakuti kansaluko sikamva kuwawa. Munthu abvulala osadziwa. Patapita maora ayamba kuona banga pakati pa ciri conse cimene ayang'ana, kotero kuti abvutika kuwerenga kapena kuzindikira nkhope. Ena acira pakapita miyezi, koma ena akhala nalo bangalo moyo wao wonse.

Pa tsiku wamba diso lithawa lokha dzuwa. Pa tsiku la kadamsana cidwi cigonjetsa mantha, ndipo munthu ayang'anitsitsa, poganiza kuti dzuwa lafooka. Silinafooke iai. Ngakhale kacidutswa kocepa kotsalako kali ndi ukali wokwanira kuononga diso.

Kale anthu ankaphunzitsidwa kudetsa galasi ndi mwaye wa nyali. Lero tidziwa kuti njira imeneyo siyodalirika. Musakhulupirirenso magalasi akuda obvala padzuwa, ngakhale mutasanjikiza awiri kapena atatu. Kapena mafilimu akale a zithunzi. Kapena zithunzi za mafupa za kucipatala. Kapena kuyang'ana dzuwa m'beseni la madzi. Zonsezi zicepetsa kuthobwa m'maso, kotero kuti mupenya nthawi yaitali, koma kuwala koononga kuli kudutsabe. Zodalirika ndi ziwiri: magalasi opangidwira kadamsana, olembedwa cizindikiro ca ISO 12312-2, osang'ambika ndi osabooka, ndi galasi la amisiri oocherera zitsulo la nambala 14. Sefa yabwino ya dzuwa ilola gawo limodzi lokha mwa magawo 100,000 a kuwala kuti lidutse.

Kwa wojambula pali lamulo lina lofunika koposa. Sefa ikhale kutsogolo kwa kamera, kumene kuwala kulowera, osati kumbuyo kumene kuli diso lanu. Mukabvala magalasi a kadamsana ndi kusuzumira mu kamera, mu telesikopu kapena m'zoonera patali zimene ziribe sefa kutsogolo, kuwala kosonkhanitsidwako kuboola magalasiwo m'kanthawi kocepa, ndi kufika m'diso. Akulu anati, cosamva anacimva nkhwangwa iri m'mutu. Kamera ikapsya mudzagula ina; diso siligulidwa m'sitoro.

ZIPANGIZO ZOFUNIKA

Coyamba ndi kamera imene ikulolani kusintha nokha zinthu zitatu. Cina ndi kukula kwa cibowo colowera kuwala, kumene kulembedwa ndi manambala onga f/5.6, f/8 ndi f/11. Nambala ikakula, cibowo cicepa. Cina ndi nthawi imene citseko ca kamera cikhala cotseguka, monga 1/125 ya sekondi. Cina ndi nambala ya ISO, imene isonyeza msanga wace wa kamera pakumva kuwala. Ikakwera, kamera iona mumdima, koma cithunzi cikhala ca timadontho ngati mcenga. Mukasiyira kamera kuti isankhe yokha, inyengedwa ndi mdima wozungulira, ndipo mwezi utuluka ngati banga loyera lopanda maonekedwe.

Caciwiri ndi lenzi. Anthu ambiri akhumudwa poona kuti mwezi, umene unali waukulu m'maso mwao, watuluka ngati njere ya mapira. Pali masamu apafupi: gawani nambala ya mamilimita yolembedwa pa lenzi ndi 110, ndipo mupeza kukula kwa mwezi kapena dzuwa m'kati mwa kamera. Lenzi ya mamilimita 50 ipatsa mwezi wosafika theka la milimita. Ya 300 ipatsa pafupifupi mamilimita 3, ndipo mapiri ndi zigwa za mwezi ziyamba kuoneka. Ya 500 ipatsa mamilimita 4 ndi theka.

Cacitatu ndi coimikapo kamera ca miyendo itatu. Mphika ukhazikika pa mafuwa atatu. Kameranso ifuna comweco. Dzanja la munthu linjenjemera, ndipo lenzi yaitali ikuza kunjenjemerako. Ngati mulibe coimikapo, dzazani kathumba ndi mcenga kapena nyemba, mukaike pa khoma kapena pa mwala, ndi kugoneka kamera pamenepo. Musadinikize batani ndi cala pa nthawi yojambula. Cherani kamera kuti idikire masekondi awiri ndi kujambula yokha. Onaninso kuti batire ndi lodzaza, pakuti usiku wa June kuno ku Bulawayo uzizira, ndipo batire litha msanga pozizira.

KUJAMBULA KADAMSANA WA MWEZI

Yambani ndi ameneyu, pakuti sapweteka, ndipo apatsa nthawi yokonza zolakwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kucokera pamene mwezi uyamba kulumika kufikira pamene umasuka papita maora atatu kapena kuposapo.

Mwezi wathunthu ndi thanthwe lowalidwa ndi dzuwa, cotero ujambulidwa monga cinthu ca masana. Yesani ISO 100, cibowo f/11, ndi 1/125 ya sekondi. Lunjikani lenzi ndi dzanja mpaka m'mphepete mwa mwezi muoneke bwino, ndipo mukatero mangani lenziyo ndi kapepala komata kuti isasunthe. Pamene mthunzi uli kukwera, muyenera kusankha: mukafuna mbali yowala, mbali yakuda isowa, mukafuna mbali yakuda, yowala ipserera. Jambulani zonse ziwiri, pa mphindi 10 ziri zonse.

Mwezi ukalowa wonse mu mthunzi, kuwala kwace kucepa kuwirikiza zikwi zambiri. Kwezani ISO kufika 800 kapena 1,600, tsegulani cibowo kufika f/5.6, ndipo yesani theka la sekondi, sekondi imodzi, ndi masekondi awiri. Koma kumbukirani kuti dziko liri kutembenuka: pa mphindi ziwiri zokha mwezi usuntha mtunda wolingana ndi kukula kwace. Ndi lenzi ya mamilimita 300, mukapitirira sekondi imodzi cithunzi ciyamba kukwekwereka.

Cifukwa ninji mwezi ufiira m'malo mwa kusowa? Mpweya wozinga dziko lathu upinda kuwala kwa dzuwa ndi kukulowetsa mu mthunzi. Podutsa mu mpweyamo, kuwala kobiriwira kumwazika, ndipo kofiira kupitirira, monga tionera dzuwa likamalowa. Cotero kufiira kwa mwezi kutiuza za mpweya wathu. Phiri la Pinatubo ku Philippines litaphulika mu 1991 ndi kudzaza mlengalenga ndi fumbi, kadamsana wa pa 9 December, 1992, anali wakuda kwambiri, mwezi wosaoneka bwino. Cithunzi canu cingakhale umboni wa zotere.

Musaiwale dziko la pansi. Mwezi wofiira uli wokha pa pepala lakuda ungakhale wa ku dziko liri lonse. Koma mwezi wofiira pamwamba pa nsanja ya wochi ya City Hall, kapena pa miyala yosanjikizana ya ku Matobo, kapena pa mlambe wa m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, unena za kwanu. Pitani pamalopo dzulo lace, muone kumene mwezi utulukira, podziwa kuti mawa lace udzatuluka mocedwerapo.

KUJAMBULA KADAMSANA WA DZUWA

Gulani kapena pangani sefa masabata angapo tsikulo lisanafike. Pali mapepala onyezimira opangidwira nchito imeneyi, amene mungadule ndi kumata pa kabokosi ka katoni kobvala bwino kukamwa kwa lenzi, kosagwa ndi mphepo. Yesani pa tsiku wamba: ISO 100, cibowo f/8, ndi 1/500 ya sekondi, ndipo sinthani kufikira dzuwa lioneke ngati mbale yosalala ya m'mphepete mwakuthwa. Mukaona timawanga takuda pa dzuwa, ndiye kuti mwalunjika bwino. Polozetsa kamera musasuzumire pa kazenera kace. Yang'anani mthunzi wa kamerayo pansi, muitembenuze mpaka mthunziwo ucepetsetse, ndipo dzuwa lidzaoneka pa galasi la kumbuyo. Nambala zimene mwapeza zidzagwira nchito nthawi yonse imene dzuwa liri lolumika, pakuti kacigawo kotsalako kawala monga kale.

Ngati muli kunja kwa kanjira ka mdima, sefa isacoke konse, kuyambira poyamba mpaka pomariza. Comwecinso pa kadamsana wa cibangiri.

Ngati muli m'kanjirako, mphindi zomariza ziri zodabwitsa. Kuwala kufooka, mphepo izizira, mbalame zibwerera ku zisa, ndipo nkhuku zifuna khola. Kacidutswa kotsiriza ka dzuwa kaduka kukhala timikanda ta moto, kumene kuli kuwala kodzera m'zigwa za m'mphepete mwa mwezi. Francis Baily wa ku England anatifotokoza mu 1836, ndipo tichedwa ndi dzina lace. Mkanda wotsiriza ukazima, pamenepo pokha cotsani sefa, ndipo mungapenye ndi maso okha. Mudzaona mwezi wakuda bii, utazingidwa ndi kuwala koyera konga nthenga, kumene akatswiri akucha korona, ndiwo mpweya wotentha wa kunja kwa dzuwa. Kuwala kwace kulingana ndi kwa mwezi wathunthu, koma nkwamphamvu pafupi ndi dzuwa, ndi kofooka kutali. Cifukwa cace cithunzi cimodzi sicikwanira. Ikani ISO 200 kapena 400, cibowo f/8, ndipo jambulani motsatana kuyambira 1/1000 ya sekondi mpaka sekondi imodzi. Zofulumira zionetsa malilime ofiira a moto m'mphepete. Zocedwa zionetsa korona wotambasuka. Kuwala kukangoyamba kubwerera mbali inayo, cotsani maso, bwezerani sefa.

Ndiloleni ndiulule cimene cinandicitikira. Mu December 2002 ndinali mnyamata wophunzira uphunzitsi. Ndinabwereka kamera ya filimu, ndinapanga sefa yanga, ndipo tinanyamuka mbandakuca ndi anzanga kupita cakufupi ndi Plumtree, mtunda wa makilomita ngati 100 kucokera kuno. Dzuwa liri kulumika ndinajambula bwino lomwe. Koma mdima utagwa, itangopitirira 8 koloko, mtima unandithamanga, ndipo ndinaiwala kucotsa sefa. Posuzumira mu kamera sindinaone kanthu. Ndinayesa kuti yaonongeka, ndipo ndinataya nthawi kuitembenuza uku ndi uku. Mdimawo unali wa mphindi imodzi ndi masekondi ocepa. Pamene ndinadzutsa mutu, dzuwa linali litayamba kubwerera. Filimu itatsukidwa, zithunzi za nthawi imeneyo zinali zakuda zokhazokha. Mnzanga amene analibe kamera ndiye anandisimbira maonekedwe a korona ulendo wonse wobwerera, ine ndiri cete. Safunsa anadya phula. Cotero ndikupemphani zinthu ziwiri. Yesererani kunyumba, wochi iri patsogolo, mpaka manja adziwe okha cocita. Ndipo uzani mnzanu mmodzi kuti apfuule mau akuti, Cotsa sefa, ndi akuti, Bwezera sefa. Ndipo ngakhale zinthu zitayenda bwino, siyani kamera masekondi angapo, mupenye ndi maso anu.

KWA AMENE ALI NDI FONI YOKHA

Musataye mtima. Foni ya m'manja siingakuze mwezi bwino, ndipo kukoka cithunzi ndi zala kungocicititsa cimbuuzi. Koma pa kadamsana wa mwezi mungathe kugunditsa diso la foni pa zoonera patali zokhazikika bwino, ndi kucepetsa kuwala pa galasi lace. Izi musazicite pa dzuwa. Pa dzuwa, phimbani diso la foni ndi magalasi a kadamsana, ndipo inu muyang'ane pa galasi la foni lokha. Zimitsani kanyali kace kothwanima, pakuti sikafika kumwamba.

Zithunzi zina zokoma ziri pansi, osati kumwamba. Boolani kabowo kakang'ono ndi singano pa katoni, mufulatire dzuwa, ndipo kuwala kodutsa pa kabowoko kugwe pa pepala loyera. Cimene muona pa pepalapo ndi cifaniziro ca dzuwa lenileni. Pa mtunda wa mita imodzi cikhala ca mamilimita 9. Dzuwa likalumika, naconso cilumika. Licero la mipata, sefa ya ufa ya mabowo akulu, kapena cipewa ca mlaza, zipatsa timiyezi tambirimbiri pansi. Pansi pa mtengo wa masamba, mpata uli wonse pakati pa masamba ucita comweco. Jambulani zimenezo, pamodzi ndi nkhope za ana ozizwa.

Kwa aphunzitsi anzanga ndinena kuti iyi ndiyo njira ya sukulu. Kutsekera ana m'kalasi ndi kuwamana phunziro limene sadzalionanso msanga. Kuwasiya ayang'ane kumwamba ndi kuwapereka ku ngozi. Aimikeni m'mizere atafulatira dzuwa, ali yense ndi katoni yace.

CITHUNZI NDI UMBONI

Musayese kuti nchitoyi ndi masewera cabe. Cithunzi coyamba cabwino ca kadamsana wathunthu wa dzuwa cinatoledwa ndi Julius Berkowski ku Königsberg pa 28 July, 1851, citseko cikhalire cotseguka masekondi 84. Mu 1860, ku Spain, zithunzi za Warren De la Rue zinathandiza kutsimikiza kuti malilime ofiira aja ndi a dzuwa, osati a mwezi. Pa 29 May, 1919, pa cisumbu ca Príncipe kumadzulo kwa Africa, Arthur Eddington anajambula nyenyezi zooneka pafupi ndi dzuwa lophimbika, ndipo zithunzi zace, pamodzi ndi za anzace ku Sobral m'dziko la Brazil, zinasonyeza kuti dzuwa lipinda kuwala kwa nyenyezi monga ananenera Albert Einstein.

Kuno ku Bulawayo mwambo wopenya kumwamba ndi wakale. Mu 1903 Bambo Edmund Goetz, wansembe wa gulu la Ajezuiti, anakhazikitsa malo openyera nyenyezi ndi kuyesa nyengo, amene anachedwa Goetz Observatory. Mzindawu uli pamtunda wa mamita ngati 1,350 pamwamba pa nyanja, ndipo miyezi ya cisanu kumwamba kukhala koyera, utsi wa lupsya usanacuruke. Phindu la malo otere licokera pa kulemba mosadumpha. Inunso lembani m'kabuku tsiku, malo, ora, lenzi ndi nambala zimene munagwiritsa nchito, ndipo konzani wochi ya kamera isanayambe nchito. Cithunzi copanda tsiku ndi malo cifanana ndi kalata yopanda dzina.

MASIKU A M'TSOGOLO

Lembani masiku awa. Pa 31 December, 2028, mwezi udzatuluka madzulo uli kale mu mthunzi. Pa 26 June, 2029, udzafiira mbandakuca, uli kupendekera kumadzulo. Usiku wa pa 20 December, 2029, udzafiiranso pakati pa usiku, uli pamwamba. Ndipo m'mawa wa pa 25 November, 2030, mthunzi wa mwezi udzadutsa Namibia, Botswana, South Africa ndi Lesotho. Ife m'maiko atatu ano tidzaona dzuwa lolumika mbali, cotero sefa siidzacoka. Koma abale athu ogwira nchito kumwera, ndi ena amene adzakhoza kuyenda ulendo, adzaima mu mdima weniweni.

Nthawi yokonzeka iripo. Yambani ndi mwezi wathunthu wa mwezi uno. Muujambule, mulakwitse, mukonze. Funani magalasi oyenera pasadakhale, a inu ndi a ana anu, ndipo cimene mwamva lero mukauzeko anansi anu, makamaka za maso.